Nyali zikuthimathima pa mabampu ndipo fyuzi ya ma parking ikupsa, ndiyambire pati?

Limbani walemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi saluni ya ku Japan ya m'ma 1990, ya petulo. Injini ili bwinobwino, koma nyali zandisowetsa mtendere, ndipo chovuta n'chakuti vutoli limabwera n'kuchoka lokha. Galimoto ikaima pabwalo zonse zimayaka ngati palibe kanthu.

Nyali yaikulu yakumanzere ndi yozilala poyerekeza ndi inzake, kuwala kwake kofiirira, ndipo ndikagunda bampu imathima n'kuyakanso. Nthawi zina zimaphethira zonse ziwiri. Mababu ndi a H4, atsopano onse. Kumbuyo nako, ndikayatsa ma parking n'kuponda buleki, nyali yakumanja imazilala m'malo mowala kwambiri, ndipo kamuvi ka indiketa yakumanja pa dashibodi kamayaka pang'ono ndisanakhudze n'komwe ndodo ya indiketa. Indiketa yomweyo masiku ena imaphethira mwaliwiro. Chachitatu, fyuzi yolembedwa TAIL, ya 10 A, inkangopsa mosadziwika bwino, mpaka wina anandiikira ya 20 A. Imeneyi sinapsebe.

Multimeter ndili nayo. Ndikachotsa babu n'kuyeza pa soketi ndimapeza 12 V paliponse, ndiye mawaya akuoneka ngati alibe vuto. Ena akuti ndigule alternator (yochaja batire) ina, ena akuti mawaya onse achotsedwe aikidwe atsopano. Ndiyambire pati?

Bambo Gondwe ayankha:

Achimwene a Limbani, musagule kanthu kaye, ndipo asakugwetseni mphwayi ndi nkhani yosintha mawaya onse. Mwafotokoza mavuto atatu osiyana amene angokumana m'galimoto imodzi chifukwa cha ukalamba. Ine nditenga lakumbuyo, poti zizindikiro zake n'zosabisika: earth ya nyali yakumbuyo yakumanja yafooka.

Moto umachoka ku + ya batire, kudutsa pa fyuzi ndi swichi, kulowa m'babu, kenako umabwerera ku − kudzera m'chitsulo cha bodi. Mababu onse a m'nyali imodzi yakumbuyo, la buleki, la indiketa, la rivesi, amadalira waya mmodzi wa earth womangidwa kubodi mkati mwa buti. Babu la buleki ndi parking ndi limodzi, koma lili ndi timawaya tiwiri mkati, ka 21 W ndi ka 5 W, ndipo tonse timatulukira pa chitsulo chake cha m'munsi. Earth ija ikachita dzimbiri, moto umasowa potulukira n'kuyamba kufuna njira m'mababu oyandikana nawo. Mukayatsa ma parking okha, umalowa pa ka 5 W, n'kubwerera cham'mbuyo kudzera pa ka 21 W, n'kutsata waya wa buleki mpaka kukapeza earth ku nyali yakumanzere. N'chifukwa chake pabwalo mumaona ngati zonse zili bwino. Mukaponda buleki, waya uja nayenso amadzaza moto, njira yothawira yatsekeka, ndiye ka 5 W kamazilala. Moto wa buleki nawo umathawira m'babu la indiketa, kutsata waya wake mpaka ku indiketa yakutsogolo ndi kamuvi ka pa dashibodi. Apatu mababu atatu a 21 W akugawana 12 V, lililonse likulandira pafupifupi 4 V, ndiye onse amangofiira osawala. Liwiro la indiketa gwero lake ndi lomweli: flasher, kabokosi kophethiritsa indiketa, imamva kuchuluka kwa moto umene mababu akukoka, ukachepa imayesa kuti babu lina lapsa n'kuyamba kuthamanga. Yabwinobwino imaphethira pakati pa 60 ndi 120 pa mphindi.

Kutsimikiza sikuchedwa. Tengani waya wautali, nsonga imodzi mumange ku − ya batire, ina mugunditse pa chitsulo cha soketi ya babu kapena pa waya wa earth wa nyaliyo, mnzanu ataponda buleki ma parking akuyaka. Zonse zikabwerera m'chimake nthawi yomweyo, mwalipeza. Tsatirani waya wa earth mpaka pamene wamangidwa. Masulani, palani bodi ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kadera kokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu n'kokwana, palaninso kamphete ka kumapeto kwa waya mbali zonse. Kokani wayayo pang'ono pamene walowera m'kamphete. Akasuntha, kapena mukaona zobiriwira, dulani muike kamphete kena. Ikani washa wa mano pakati pa kamphete ndi bodi, mangani zolimba, kenako pakani girizi pamwamba kuti chinyezi chisafikepo. Girizi amabwera pomaliza, mutamanga kale.

Muli komweko, tulutsani mababu muone m'masoketi. Pansi pa babu la 21/5 W pali timadontho tiwiri ta mtovu, ndipo tikaphwa kapena kukumbika, babu limagunda n'kusiya pa bampu iliyonse. Timapini take ta m'mbali tili pa misinkhu yosiyana kuti lilowe njira imodzi yokha. Likakakamizidwa mozondoka, parking imawala ngati buleki. Wina akalowetsamo babu la kadontho kamodzi, limalumikiza waya wa buleki ndi wa parking, mukaponda buleki n'kuona dashibodi yonse ikuyaka. Onaninso labala wa m'mphepete mwa nyaliyo, chifukwa nthawi zambiri dzimbiri limayamba ndi madzi olowera pamenepo.

Tsopano za 12 V imene mukuipeza paliponse. Mitayo sikunama, koma funso limene mukuifunsa ndi lolakwika. Multimeter ya manambala ili ndi resistance (kukaniza moto kudutsa) ya pafupifupi ma ohm 10 miliyoni, ndiye moto umene imakoka ndi wochepetsetsa. Ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi ka kopa, kapena pulagi itadzaza dzimbiri, idzaonetsabe 12 V. Zili ngati paipi ya madzi yotsekeka ndi matope: mpopi ukakhala wotseka mphamvu imaoneka yokwana, mukatsegula madzi angodontha. Yezani babu lili m'malo mwake, likuyaka. Muyeso wina uliwonse ukusokeretsani.

Nachisale ayankha:

A Gondwe afotokoza bwino za earth, koma ine ndikadayamba ndi chimene chingawotche galimoto. Achimwene, chotsani fyuzi ya 20 A ija lero lomwe, musanayendenso.

Fyuzi imaikidwa kuti iteteze waya. Mawaya a ma parking m'magalimoto ambiri a nthawi imeneyo ndi ang'onoang'ono, a 0.5 mm² kapena 0.85 mm². Werengani katundu amene ali pa fyuzi ya TAIL: mababu awiri a 5 W kumbuyo, awiri kutsogolo, awiri a nambala puleti, ndi timababu ta dashibodi. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 40 W, kutanthauza 3 mpaka 4 A. Fyuzi ya 10 A singapse ndi katundu ameneyo. Ikapsa, ndiye kuti waya wa moto akugunda chitsulo penapake. Ya 20 A sinathetse shotiyo, ikungoipirira, ndipo fyuzi yotere imatha kudutsitsa 25 A kwa mphindi zambiri isanaduke. Nthawi yonseyo kawaya kaja kakutentha mkati mwa mtolo wa mawaya anzake, pulasitiki ikusungunuka, ndipo tsiku lina shoti imodzi idzasanduka khumi. Mitundu ya mafyuzi apulasitiki a miyendo iwiri ndi yokhazikika: 7.5 A ya bulawuni, 10 A yofiira, 15 A ya buluu, 20 A yachikasu, 30 A yobiriwira. Yerekezani bokosi lonse ndi zolembedwa pa chivundikiro, chifukwa amene anasintha imodzi akhoza kuti anasinthanso zina.

Kuti mupeze shoti yobwera n'kuchoka osawononga mafyuzi, pangani chida ichi. Tengani fyuzi yopsa, mulumikize mawaya awiri ku miyendo yake, mawayawo apite ku babu la 55 W, ngakhale H4 yakale imene mbali imodzi ikadali yamoyo. Lowetsani fyuziyo m'malo mwa TAIL. Babulo silingalole moto woposa pafupifupi 5 A kudutsa, choncho waya sangapse ngakhale shoti itakhala yeniyeni. Limatentha kwambiri, ndiye lipachikeni pamene silikhudza mpando kapena kapeti, komanso pamene mungamalione muli kumbuyo kwa galimoto. Chotsani mababu onse a ma parking ndi a nambala puleti, yatsani swichi. Babu lanu lingofiira pang'ono chifukwa cha timababu ta dashibodi. Shoti ikagunda, liwala mwadzidzidzi.

Kenako yambani kugwedeza mawaya, kachigawo kamodzi pa nthawi, maso ali pa babu. Musamangokoka mtolo wonse, chifukwa shoti ikachoka musanadziwe pamene inali, mudikiranso mpaka idzabwere yokha. Malo oyamba kukayikira pa saluni ndi pa hinji ya buti, ngati nyali za nambala puleti zili pa chitseko cha buti. Mawaya amenewo amapindika nthawi iliyonse buti ikatsegulidwa, ndipo patapita zaka 25 kapena 30 pulasitiki yawo imauma n'kung'aluka. Tsegulani ndi kutseka buti pang'onopang'ono. Kukapanda kuoneka kanthu, pitani pamene mtolo ukuboola chitsulo pakati pa injini ndi mkati mwa galimoto, muone ngati labala wa pabowopo akadalipo. Kenako pansi pa mpando wakumbuyo ndi m'mphepete mwa zitseko pansi pa kapeti, pamene sikulu ya pulasitiki yokongoletsera imatha kuboola waya. Pomaliza kuseri kwa wailesi. Wailesi yoyambirira inali ndi waya wa kuwala kwa usiku wochokera pa fyuzi yomweyi, ndipo oika wailesi ina kawirikawiri amamusiya ali lende wopanda tepi, kapena kumuyesa earth chifukwa ma parking akakhala ozima amaoneka ngati earth pa tesita. Ngati galimoto inaikidwapo alamu kapena soketi ya ngolo, onani paliponse pamene analumikiza.

Ngati fyuziyo inkapsa makamaka kukagwa mvula, yang'anani tinyali ta nambala puleti ndi ma parking akutsogolo. Timadzaza madzi, timiyendo ta soketi n'kudyeka mpaka kugundana.

Madalitso ayankha:

Ine nditenga nyali zazikulu ndi nkhani ya alternator. Alternator ikamavuta, nyali zonse zimavutikira limodzi, ndipo kuwala kumakwera ndi kutsika motsatira kulira kwa injini. Singasankhe nyali yakumanzere yokha. Komabe iyezeni kuti mtima ukhale m'malo. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku, limaonetsa pafupifupi 12.6 V, ndipo 12.2 V ndiye kuti lili theka. Injini ikulira, pa mitu ya batire payenera kukhala pakati pa 13.8 ndi 14.5 V. Yatsani nyali ndi fani, kwezani injini kufika 2000 rpm, isatsike pansi pa 13.5 V. Kupitirira 15 V ndiye kuti regulator, yowongolera volteji ya alternator, yafa, ndipo mababu azipsa pafupipafupi. Ikani mita pa AC muyezenso pomwepo: kuposa 0.5 V kumasonyeza diode yowonongeka mkati mwa alternator. Chimene musayese n'komwe ndi kuchotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikuchaja. Volteji imalumpha n'kuwononga kompyuta ya injini ndi ma diode omwewo.

H4 ndi 60/55 W, ndipo pa dimu imakoka pafupifupi 4.5 A. Pa moto wotere, dzimbiri lochepa la 0.5 ohm limadya 2.25 V n'kutulutsa kutentha kwa pafupifupi 10 W pa kamalo kamodzi. Kutenthako kumafooketsa kachitsulo ka pulagi, kakasiya kugwira zolimba resistance imakwera, kutentha n'kuwonjezekanso. Babu la halogen nalo silikhululuka: volteji ikatsika ndi 10 peresenti, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Kufiirira mukukuonako ndi kumeneko.

Musanayeze, dziwani kaye mmene nyali zanu zinalumikizidwira. Pulagi ya H4 ili ndi miyendo itatu: wa dimu, wa fulu, ndi wachitatu umene timawaya tonse tiwiri timagawana. Pa magalimoto ambiri wachitatuwu ndi earth. Koma pa ena a ku Japan, kuphatikizapo ma Toyota ambiri akale, wachitatuwu ndiwo umabweretsa moto, ndipo swichi ya pa chiwongolero imalumikiza dimu kapena fulu ku earth. Pa galimoto yotere mukatenga waya wa a Gondwe uja n'kugunditsa mwendo wachitatu ku −, mwapanga shoti. Chotsani pulagi, yatsani nyali, yezani mwendo wachitatu: ukakhala ndi 12 V, yanu ndi ya mtundu wachiwiriwu.

Bwezerani pulagi, lizani injini, ikani dimu, mita pa 20 V DC. Chingwe chofiira pa mutu weniweni wa + wa batire, chakuda muchilowetse kumbuyo kwa pulagi pa mwendo wobweretsa moto. Nambala imene muone ndi volteji yotayika panjira, ndipo isapitirire 0.5 V. Kenako chofiira pa mwendo wotulutsa moto, chakuda pa mutu wa −. Ngati ndi earth yolunjika kubodi, isapitirire 0.2 V, ndipo ngati ikudutsa pa swichi, 0.3 mpaka 0.4 V n'kololeka. Chitani mbali zonse ziwiri, mulembe. Mbali imene yatulutsa nambala yaikulu, bwererani nayo cham'mbuyo: pa fyuzi miyendo yonse iwiri, pa relay (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi), pa pulagi iliyonse. Pamene nambala yagwa mwadzidzidzi, vuto lili pakati pa malo amenewo ndi amene munayeza komaliza. Mita ili chilumikizire, mnzanu azigogoda bokosi la mafyuzi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kugwedeza mapulagi, ndi kusuntha ndodo ya nyali pang'onopang'ono.

Yezaninso pakati pa mutu wa batire ndi chitsulo chimene chaugwira, komanso pakati pa − ndi bodi, ndi pakati pa − ndi injini. Paliponse pasapitirire 0.2 V nyali zikuyaka. Waya wa earth wa pakati pa injini ndi bodi akaola, moto wa sitata umadutsa m'waya wa akisileta kapena wa kilachi mpaka kuwatenthetsa.

Limbani walemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndatsatira monga mwanenera. Fyuzi ya 10 A yabwerera. Kumbuyo, kamphete ka earth kanali koyera ndi dzimbiri ndipo nati yake inali yokhwepa. Nditapala n'kumanga, buleki ndi indiketa zasiya kulowererana. Babu loyesera la a Nachisale linawala buti itafika theka potsegula. Nditasenda tepi pa hinji ndapeza mawaya awiri ong'aluka, mmodzi kopa ali poyera ndipo wada, winayo watsala ndi timaulusi tochepa. Ndangokulunga tepi kaye.

Kutsogolo, mwendo wachitatu uli ndi 12 V, ndiye ndi mtundu wachiwiri uja. Injini ikulira batire likuonetsa 14.1 V, AC 0.05 V. Kuchokera ku + mpaka kumbuyo kwa pulagi ndikutaya 0.5 V mbali zonse. Kuchokera pa mwendo wa dimu kupita ku − ndikutaya 0.7 V mbali zonse, ndipo ndikagwedeza ndodo ya nyali imalumpha kufika 2 V nyali zonse n'kuphethira. Chondizunguza n'chakuti manambala a kumanzere ndi kumanja akufanana, 12.9 V pa mawaya, koma yakumanzere ikadali yozilala. Pulagi yake ndi yabulawuni mbali imodzi ndipo imatentha moti sungaigwire nthawi yaitali. Ndisinthe chiyani?

Madalitso ayankha:

Alternator ilibe mlandu, isiyeni. Manambala akufanana chifukwa mwayezera kumbuyo kwa pulagi, pomwe volteji ikutayikira kutsogolo kwake, pakati pa kachitsulo ka pulagi ndi mwendo wa babu. Sololani pulagi pang'ono kuti miyendo ya babu ionekere, nyali ikuyakabe, muyeze pa miyendo yeniyeniyo. Kumanzere mupeza nambala yotsika kuposa 12.9 V ija, ndipo kusiyanako ndi kumene kukusanduka kutentha. Kufinya kachitsuloko ndi pulaya kumathandiza masiku ochepa okha, chifukwa chitsulo chimene chapsa chataya kale mphamvu yake yogwira. Gulani pulagi ya H4 ya ceramic yokhala ndi mawaya ake. Dulani yakaleyo, musende waya mpaka mutapeza kopa wowala. Akakhala wakuda pitirizani kudula, chifukwa kopa wakuda sagwira mtovu ndipo sadutsitsa moto bwino. Lumikizani waya mmodzimmodzi kuti musasokoneze dimu ndi fulu. Palani miyendo ya babu ngati yada, koma galasi lake musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amalifupikitsa moyo. Ndipo musakopeke ndi mababu a 100/90 W, amasungunula pulagi ndi swichi yomwe.

Kuphethira kwa nyali zonse ziwiri kukuchokera pa swichi ya dimu ndi fulu. Moto wa mababu onse awiri, pafupifupi 9 A, umadutsa pa timitu tiwiri tating'ono m'menemo, ndipo tapsa. Itha kutsegulidwa n'kupalidwa ndi sandipepa wosalala kwambiri, koma chokhalitsa ndi kuichotsera katunduyo poika ma relay awiri, imodzi ya dimu ina ya fulu. Koyilo ya relay imakoka moto wosafika 0.2 A, ndiye swichi yotopa imakwanitsa bwino ikangotsukidwa.

Miyendo ya relay ili ndi manambala okhazikika. Pa 30 pafike waya wa 2.5 mm² wochokera ku + ya batire, wokhala ndi fyuzi ya 15 A pafupi penipeni ndi batire, relay iliyonse fyuzi yakeyake kuti imodzi ikapsa musakhale mumdima. Pa 87 patuluke waya wa 2.5 mm² wopita ku mababu onse awiri, dimu pa relay yoyamba, fulu pa yachiwiri. Mwendo wachitatu wa babu lililonse tsopano upite kubodi ndi waya wamfupi wa 2.5 mm². Koyilo, 86 ndi 85, muitenge pa pulagi yakale yakumanja, poti ndiyo yamoyo: 86 ya ma relay onse ku mwendo wachitatu umene uli ndi moto, 85 ya yoyamba ku mwendo wa dimu, 85 ya yachiwiri ku mwendo wa fulu. Pulagi yakale yakumanzere muikulunge bwino isagunde kanthu. Mukasankha njira imeneyi mufunika mapulagi atsopano awiri. Kukula kwa waya musakuchepetse: kopa wa 1 mm² wotalika mamita 5 amataya pafupifupi 0.8 V pa 9 A, pomwe wa 2.5 mm² wa mamita 2 amataya 0.13 V yokha. Samalani ndi waya wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Mukamupala ndi mpeni amaoneka woyera mkati, amataya volteji yambiri ndipo amathyoka msanga. Ma relay muwamange miyendo italoza pansi kuti madzi asakhalemo. Pa magalimoto ena a mtundu umenewu kanyali ka buluu ka fulu pa dashibodi kamasiya kuyaka mukaika ma relay, chifukwa kamadalira moto wodutsa m'mababu, ndiye kayeseni musanamange zonse.

Pogwira ntchito pa chiwongolero, chotsani − ya batire poyamba, ndipo ikhale yomaliza kubwezera. Ngati galimoto ili ndi airbag, dikirani mphindi zitatu mutachotsa batire, ndipo mapulagi achikasu musawakhudze ndi mita kapena tesita.

Nachisale ayankha:

Tepi ya pa hinji ija singakhalitse, achimwene, buti ikatentha imamatuka. Ndipo musalumikize waya pomwe wathyokerapo, chifukwa polumikiza pamakhala pouma, pakamapindika padzathyokanso pambali pake. Dulani chigawo chonse chimene chimapindika, muikepo waya watsopano wofewa, wa timaulusi tambiri, wokula mofanana ndi wakale, kuti polumikiza ponse pawiri pagwere pamalo osasuntha, masentimita 10 kapena 15 kuchokera pa hinji mbali iliyonse. Musiyeni wotalikirapo pang'ono kuti buti ikatseguka yonse asakokeke. Sinthani mawaya onse a mu mtolo umenewo nthawi imodzi, ngakhale ooneka abwino, poti anapindika mofanana ndi anzawo. Malo olumikizawo asakhale pamodzi: wina apa, wina masentimita atatu kutsogolo, kuti mtolo usatupe ndipo asagundane.

Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi ndiko kumabala mavuto ngati anu omwewa. Gwiritsani ntchito timachubu tachitsulo tofinya, ndi pulaya yake yeniyeni yofinyira, kenako kokani waya mwamphamvu muone ngati sasololoka. Mukasankha mtovu, ukhale wa zamagetsi wokhala ndi rosin, osati wa asidi wa mapaipi, ndipo muthire wochepa kuti usayende m'waya n'kumuumitsa. Pamwamba ikani heat shrink (kachubu kapulasitiki kofinyika kakatenthedwa) ya guluu mkati, ndipo muilowetse m'waya musanalumikize. Mukamaliza, bwezerani babu loyesera lija pa TAIL, mutsegule ndi kutseka buti kangapo musanaike fyuzi.

Bambo Gondwe ayankha:

Poti earth yakumanja inali choncho, yakumanzere ndi za kutsogolo kuseri kwa nyali zazikulu zili ndi zaka zofanana, zipaleni zonse. Ndipo indiketa ikadzavutanso earth ili bwino, onani swichi ya ma hazard musanagule flasher. Pa magalimoto ambiri moto wa indiketa umadutsa m'swichi imeneyo, ndipo poti siigwiritsidwa ntchito kawirikawiri, timitu take timachita dzimbiri. Idinizeni n'kuizimitsa maulendo 20 kapena 30, kapena muipopere mankhwala otsukira zamagetsi. Mukamaliza ma relay, yezaninso pa miyendo ya mababu injini ikulira: ndi batire la 14.1 V muyenera kupeza 13.6 V kapena kuposa mbali zonse. Kuwala kukawonjezeka choncho, imikani galimoto moyang'ana khoma pamalo athyathyathya muone ngati dimu sikuloza m'mwamba, musamathobwe m'maso anzanu obwera kutsogolo.